Kuyezetsa khomo la chiberekero ku Ireland: ntchito yabwino, koma kabotolo kathu kamapita kutali

Amayi anzanga amene mwabwera kuno ku Ireland posachedwa, ndi inu amene mwakhalitsa koma kalata ya CervicalCheck mumangoiponya m'dirowa, ndikufuna ndikuuzeni mmene ndikuionera ntchito imeneyi. Ndinene poyambirira kuti pitani mukayezetse. N'zaulere, sizidya nthawi, ndipo anamwino ake amagwira thupi la munthu mwaulemu. Koma pali mbali imodzi imene mpaka lero siinandikhale bwino mumtima. Zimene amatenga m'thupi mwathu, zambiri zimakwera ndege kukayezedwa ku America. Nkhani imeneyi ili ndi mbiri yowawa m'dziko muno, ndipo mayi aliyense wogona pa bedi lija ayenera kuidziwa.

CervicalCheck ndi pulogalamu ya boma yoyeza khansa ya khomo la chiberekero. Ili pansi pa HSE, bungwe loyendetsa zaumoyo kuno, ndipo inayamba mu Sepitembala 2008. Mayi aliyense wa zaka 25 mpaka 65 wokhala m'dziko muno amayezedwa osalipira kanthu. A zaka 25 mpaka 29 amaitanidwa zaka zitatu zilizonse, a zaka 30 mpaka 65 zaka zisanu zilizonse. Sikuti mpaka upite kwa dokotala wako wa masiku onse ayi. Chipatala chilichonse chaching'ono chimene chinalembetsa m'pulogalamuyi chikhoza kukuyeza, ndipo ukhoza kunena poyimba foni kuti ukufuna wokuyeza akhale wamkazi. Tengani nambala yanu ya PPS popita, ija boma limakupatsani yogwiritsa ntchito pa msonkho ndi pa chithandizo cha boma.

Namwino amene anandiyeza ulendo wathawu anali mayi wachikulire, wa imvi mutu wonse. Asanandikhudze anandionetsa zonse zimene zinali pa thebulo: kapulasitiki kotsegulira njira kuti aone khomo la chiberekero, kaburashi kofewa, ndi kabotolo ka madzi a mankhwala. Anakhoma chitseko, anandipatsa chipepala chachikulu chofunda m'chiuno, n'kunena kuti ndikamva kuwawa ndilankhule, asiye. Kuwawa kwenikweni palibe. Chilipo ndi kusowa mtendere pang'ono, ndi manyazi aja tinakula nawo. Kaburashi anakazunguliza kangapo, anakatsukuluza m'kabotolo muja, n'kutseka chivindikiro mwamphamvu. Kenako anamata kapepala ka dzina langa ndipo anandiuza kuti ndiwerenge mokweza dzina, tsiku lobadwa ndi adiresi, chilembo ndi chilembo, popeza maina athu achimalawi amawasokoneza polemba. Zimenezi zinandisangalatsa kwambiri. Ndisanatuluke ndinamufunsa kuti kabotoloka kakupita kuti. Sanazembe. Anati kakhoza kupita ku labotale ya pa chipatala cha Coombe ku Dublin, kapena ku kampani ya Quest Diagnostics ku America, ndipo wosankha si iye kapena ine, koma a pulogalamu.

Zotsatira zimabwera pa kalata, nthawi zambiri pakatha masabata anayi. Yanga inafika m'nthawi yake, yolembedwa m'mawu osavuta, ndipo inanena chaka chimene ndidzaitanidwenso. Pa mbali yonseyi ndilibe chodandaula.

Kuyambira mu Malichi 2020, chimene amayamba kufufuza m'kabotolo ndi kachilombo ka HPV, kamene kamayambitsa pafupifupi khansa yonse ya khomo la chiberekero. Makina ndi amene amayeza. Akapanda kukapeza, basi, udikira ulendo wina. Akakapeza, m'pamene katswiri amapaka timaselo tija pa kagalasi n'kutiyang'ana pa maikulosikopu. Akaona tosintha amakutumiza kukapimidwa mozama kuchipatala chachikulu, ndipo akapanda kuona kanthu amakuitananso pakatha chaka. Kale sizinali choncho. Kagalasi kalikonse kankadalira diso la munthu basi, munthu woyang'ana magalasi ambirimbiri tsiku lonse, kufunafuna timaselo towerengeka todwala pakati pa masauzande abwinobwino. A HSE amanena okha kuti mwa amayi 1,000 oyezedwa, pafupifupi 20 amakhala ndi maselo osintha. Njira yakale inkapeza 15 mwa iwo, yatsopanoyi imapeza 18. Ndiye kuti palibe njira imene imagwira onse. Zimenezi muzisunge, chifukwa popanda kuzimvetsa, nkhani ya Vicky Phelan mukhoza kuimva mokhota.

Chinachititsa kuti ayambe kutumiza kunja chinali chomveka ndithu. Pulogalamu isanayambe, amayi kuno ankadikira miyezi yambiri kuti amve zotsatira, chifukwa malabotale a m'zipatala anali ochepa mphamvu. Tsono boma likufuna kuitana amayi a dziko lonse, ndipo likufuna kuyamba msanga. Mu 2008, pamene nduna ya zaumoyo anali Mary Harney, kontrakiti inapita ku Quest Diagnostics. Pambuyo pake analowamo ena: Clinical Pathology Laboratories ya ku Austin m'chigawo cha Texas, MedLab Pathology ya ku Dublin, ndi labotale ya pa Coombe imene inkalandira gawo laling'ono. Akatswiri ena a kuno anakana zimenezi kuchokera pachiyambi. Dr David Gibbons, amene anali m'komiti yoona za ubwino wa ntchitoyi, anachenjeza kuti mavuto adzaonekera patapita zaka, ndipo iye ndi anzake ena anatula pansi maudindo. Sanamvedwe.

Vicky Phelan anali mayi wa ana awiri wokhala ku Limerick. Anayezetsa mu 2011, kabotolo kake kanapita ku Texas, yankho linabwera loti zonse zili bwino. Mu 2014 anapezeka ndi khansa. Chaka chomwecho a CervicalCheck anabwereranso ku kagalasi kake ka 2011, monga ankachitira kwa amayi enanso opezeka ndi khansa, ndipo anapeza kuti kanawerengedwa molakwika. Iye sanauzidwe mpaka 2017. Zaka zitatu anthu akudziwa za thupi lake zimene mwini wake sakudziwa, makalata akungoyenda pakati pa akuluakulu a pulogalamu ndi madokotala, kukankhirana kuti womuuza ndi ndani. Mu Epulo 2018 mlandu wake unatha ku khoti lalikulu ku Dublin, kampani ya ku Texas ija itavomera kupereka mayuro 2.5 miliyoni popanda kuvomera kulakwa. Anamupempha kuti asainire kuti sadzaulula za mlanduwo. Anakana, ngakhale kuti madokotala anali atamuuza kale kuti matenda ake sachizika. Kukana kumeneko n'kumene kunavundukula zonse.

Zinadziwika kuti sanali yekha. Chiwerengero chinafika pa amayi 221 amene magalasi awo akale, atawaonanso, anasonyeza kuti akanatumizidwa msanga kukapimidwa. Ambiri mwa iwo sanauzidwe, ndipo ena anali atamwalira kale, amuna awo n'kumva nkhaniyi mkazi ali m'manda. Stephen Teap wa ku Cork, amene mkazi wake Irene anamwalira mu 2017, ndi mmodzi mwa amuna amenewo. Iye, Vicky Phelan ndi Lorraine Walsh ndi amene anayambitsa gulu la 221+ lothandiza mabanjawa. Mkulu wa madokotala m'pulogalamuyi, Gráinne Flannelly, anatula pansi udindo, kenako mkulu wa HSE yonse, Tony O'Brien, naye anachoka mu Meyi 2018. Emma Mhic Mhathúna, mayi wa ana asanu, anamwalira mu Okutobala chaka chomwecho ali ndi zaka 37. Mu Okutobala 2019 Leo Varadkar, amene anali nduna yaikulu, anapepesa m'nyumba ya malamulo m'malo mwa boma. Vicky anamwalira pa 14 Novembala 2022 ali ndi zaka 48.

Pano ndiimepo kaye, chifukwa ndamva anzanga kuntchito akusokoneza. Ine ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo pa nthawi ya tiyi nkhanizi zimatuluka. Ena amati boma linabisira amayi kuti ali ndi khansa. Sizinali choncho. Amayiwo ankadziwa za khansa yawo ndipo ankalandira chithandizo. Chimene anabisiridwa n'choti kuyeza kwawo koyamba kunaphonya, kuti mwina matenda akanagwidwa asanakule. Kuphonyako kunawatayitsa nthawi, kubisako kunawachotsera ulemu ndi mwayi wofunsa mafunso adakali ndi mphamvu. Zolakwa ziwiri zosiyana, ndipo chachiwirichi sichinachitikire ku America. Chinachitikira konkuno, m'maofesi ndi m'zipatala za ku Ireland.

Boma linaitana Dr Gabriel Scally kuti afufuze, ndipo lipoti lake linatuluka mu Sepitembala 2018. Amene ankayembekeza kumva kuti akatswiri a ku America ndi osadziwa ntchito sanamve zimenezo. Scally sanapeze chifukwa choti malabotale amene ankagwira ntchitoyi pa nthawiyo aletsedwe. Anadzudzula kwambiri kubisa kuja, ndi mmene madokotala ena analankhulira kwa amayi ndi mabanja awo powauza. Anadzudzulanso kuti posankha makampani, mtengo unkalemera kwambiri pa sikelo kuposa ubwino wa ntchito. Koma chimene chinandigwira mtima ine n'china. Anapeza kuti kampani ya ku Texas ija, ntchito itaichulukira, inkagawira magalasi a amayi a ku Ireland ku malabotale ena: San Antonio, Las Vegas, Orlando, mpaka Honolulu ku Hawaii, pakati pa nyanja ya Pacific. A CervicalCheck sankadziwa. Mu lipoti lowonjezera la mu 2019, malabotale amene poyamba ankati ndi 6 anapezeka kuti anali 16, kuphatikizapo ina ya ku Salford kufupi ndi Manchester. Zili ngati wapatsa munthu ganyu yopalira munda wako, iye n'kukagawira anzake osakuuza, iwonso n'kuitana ena. Mwina onsewo ndi alimi abwino. Koma tsiku lopeza mzere wosapalira, sudziwa khomo logogoda, ndipo sunaonepo ngakhale khasu limene anagwiritsa ntchito.

Apa ndi pamene pagona dandaulo langa ndi kutumiza kunja. Sindikunena kuti diso la katswiri wa ku America n'loperewera kuposa la wa ku Dublin. Ndikunena kuti ntchito ikapita kutali, woyang'anira amaona zochepa. Sangalowe m'labotale Lachiwiri m'mawa kukaona kuti munthu mmodzi akuwerenga magalasi angati. Amadalira mapepala amene kampani yamutumizira. Katswiri woyang'ana kagalasi sadziwana ndi dokotala wopima mayiyo, sakumana pa khonde n'kufunsana za kagalasi kokayikitsa. Ndipo zinthu zikalakwika, pakati pa mayi ndi choonadi pamaima maloya a mbali zitatu. Zina mwa zimene zinachedwetsa kuti amayi auzidwe zinali kukokanakokana ndi makampani pa zotsatira za kuunikanso kuja.

Umboni wina unabwera mu 2019. Nkhani ya Vicky itatuluka, nduna ya zaumoyo Simon Harris inalengeza kuti mayi aliyense amene ali ndi nkhawa akhoza kuyezetsanso mwaulere. Amayi anakhamukira kuzipatala, mabotolo odikira kuyezedwa anaunjikana mpaka cha m'ma 80,000, ena n'kudikira kupitirira theka la chaka. Dziko linalibe poti n'kuthawira, chifukwa akatswiri ake ambiri anali atasiya kale ntchito imeneyi. Pofuna kuchepetsa mulu uja, Quest inayamba kugwiritsa ntchito labotale yake ya ku Chantilly m'chigawo cha Virginia, koma makompyuta a kumeneko sankalumikizana bwino ndi a kuno. Amayi oposa 4,000 zotsatira zawo sizinafike moyenera kwa iwo kapena kwa madokotala awo. Chinaulula vutoli si makina kapena oyang'anira, koma mayi mmodzi amene sanatope kuimba foni ndi kulemba makalata kufunsa yankho lake. Pulofesa Brian MacCraith ndi amene anafufuza zimenezi.

Mlandu umene ndimaukonda kuutchula ndi wa Ruth Morrissey, mayi winanso wa ku Limerick. Anawina ku khoti lalikulu mu 2019, a HSE ndi makampani anachita apilo, ndipo mu Malichi 2020 khoti lalikulu kwambiri m'dziko muno linagamula kuti HSE singathawe udindo ponena kuti olakwa ndi a labotale. Amene waitana amayi kuti adzayezedwe ndi amene ayenera kuyankha, ngakhale ntchitoyo ataipereka kwa wina. Ruth anamwalira mu Julayi chaka chomwecho. Chigamulo chimenecho n'chimene chimandilimbitsa mtima lero ndikamasaina fomu yovomera kuyezedwa. Ndikudziwa kuti kaya kabotolo kapita kuti, mwini udindo ali konkuno. Palinso lamulo la Patient Safety Act la 2023, limene Vicky analimenyera mpaka kumapeto kwa moyo wake, lokakamiza azaumoyo kuulula zolakwika zazikulu ndi kupatsa wopezeka ndi khansa ufulu wopempha kuti kuyeza kwake kwakale kuunikidwenso.

Nanga ntchito yabwerera kwawo? Pang'ono chabe. Kumapeto kwa 2022 anatsegula labotale ya dziko lonse pa Coombe, nyumba yatsopano yomangidwira ntchito imeneyi. Koma nyumba imamangidwa msanga kuposa katswiri. Munthu wodziwa kuwerenga maselo amatenga zaka kuti aphunzire, ndipo amaphunzira pokhapokha ngati pali magalasi oti aziwaona ndi wamkulu womuongolera. Dziko likatumiza ntchito yonse kunja kwa zaka zoposa khumi, achinyamata salowa m'ntchitoyo, akuluakulu amapuma, ndipo tsiku lofuna kuyambiranso limapeza kulibe ophunzitsa. N'chifukwa chake mabotolo ambiri akupitabe ku Quest. Mtengo wotsika wa mu 2008 sunawerengere zimenezi.

Ndikamaganiza zimenezi mtima umathamangira kumudzi. Malawi ili m'gulu la maiko amene khansa imeneyi ikupha amayi ambiri padziko lonse, ndipo ndi khansa imene imatenga amayi ambiri kwathu kuposa ina iliyonse. Njira yofala kwathu ndi ya viniga. Namwino amapaka viniga pa khomo la chiberekero, amadikira pang'ono, pamene pali vuto pamayera, ndipo ngati chipangizo chilipo amawotcha malowo tsiku lomwelo. Mayi anga aang'ono anathandizidwa choncho pa chipatala cha mishoni, anapita m'mawa, madzulo anali pakhomo. Njirayi imaphonya kwambiri kuposa ya HPV, ndipo imadalira diso ndi luso la namwino. Sindingaisinthanitse ndi ya kuno. Koma ili ndi chinthu chimodzi chimene amayi a kuno anachisowa: wokuyeza ndi amene akukuuza, maso ndi maso, ndipo palibe kalata yosochera. Vuto lathu limayamba akadula kanyama kuti akakayeze, chifukwa akatswiri oona zimenezo ndi owerengeka m'dziko lonse, ndipo mayi wa kumudzi akhoza kudikira nthawi yaitali. Tsiku lina wina adzabwera ndi nzeru yoti tizingotumiza zonse kunja, n'zotchipa komanso zachangu. Ndikanakonda amene adzasaine pepala limenelo atawerenga kaye malipoti a Scally. Njira imene ndimaiona yanzeru ndi imene inayamba mu 2011 pa Kamuzu Central Hospital ku Lilongwe mogwirizana ndi University of North Carolina. Labotale ili pomwepo, oyeza ndi Amalawi, ndipo akafuna maganizo a anzawo a ku America amaonera limodzi zithunzi za magalasi pa intaneti. Luso likukulira kwathu.

Tsono ndikaika zonse pa sikelo, CervicalCheck ya lero ndikuiyamikira. Ndi pulogalamu imene inapsa n'kuphunzira, ndipo ngakhale Vicky Phelan mwini wake ankalimbikitsa amayi kuti asasiye kuyezetsa. Pa ulemu wa anamwino, kusalipira ndi kumveka kwa makalata, ndi ntchito yapamwamba. Pa nkhani yoti dziko lolemera chonchi likudalirabe kampani ya kutsidya kwa nyanja pa chinthu chokhudza moyo wa theka la anthu ake, ndikuichotsera mamalikisi, ndipo sindidzaibwezera mpaka labotale ya pa Coombe itayamba kunyamula katundu wambiri. Boma linalonjeza kuti pofika 2040 khansa imeneyi idzakhala yosowa m'dziko muno. Ndikufuna pofika nthawi imeneyo oyeza adzakhale ophunzitsidwa konkuno.

Pali zingapo zimene ife obwera timakonda kuphonya. Ngati muli ndi kachilombo ka HIV, muuzeni namwino, musachite manyazi. A bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO amati mayi wotere ali pa chiopsezo chochuluka kasanu ndi kamodzi, choncho amafunika kuyezedwa pafupipafupi kuposa ena. Ngati munayezedwa ndi viniga kumudzi musanabwere, musati ndinathana nazo, lembetsani kunonso. Ana athu, aakazi ndi aamuna omwe, amalandira katemera wa HPV kusukulu m'chaka choyamba cha sekondale, ndiye fomu ikabwera m'chikwama sainani. Ndipo kalata yonena kuti zonse zili bwino isakugonetseni tulo mukaona magazi pakati pa mwezi, magazi mukakhala malo amodzi ndi bambo, magazi mutasiya kale kusamba, kapena chikazi chonunkha chosatha. Zikatero musadikire kuitanidwa, pitani kwa dokotala sabata yomweyo, ndipo akakubwezani koma vuto likupitirira, bwereraninso.

Chomaliza ndi adiresi. Ife kuno timasamukasamuka, lero chipinda ku Tallaght, pakatha miyezi ingapo ku Drogheda, malinga ndi lendi. Makalata onse a pulogalamuyi, oitana ndi a zotsatira omwe, amapita ku adiresi imene ili m'kaundula wawo, osati kumene mukugona lero. Mukasamuka, lowani pa tsamba la HSE kapena imbani foni musinthe. Ndipo masabata asanu ndi limodzi akadutsa mulibe yankho, imbani ku chipatala kumene munayezetsa, chifukwa nawonso amalandira zotsatira zanu. Akakuuzani kuti sizinafike, funsani dzina la labotale imene kabotolo kanapita ndi tsiku limene kanatumizidwa, mulembe penapake, sabata yotsatira muimbenso.